Supuni Ziwiri za Mawa

Lachiwiri lija, magetsi atazima ku Bvumbwe,
mnyamata wa pasikelo ananunkhiza chigubu changa
n'kupukusa mutu: Mayi Namulondola, wasasa uwu.
Malita asanu ndi anayi!
Ndinakankha njinga kubwerera nawo,
mkaka uli khuvukhuvu kumbuyo ngati ukundijeda.

Sabata yomweyo inu munachokera kuchipatala cha Thyolo
ndi kabuku m'thumba, nkhope ngati mwaferedwa.
Shuga, munatero. Andiletsa zonse.
Inu, a Fulaisoni,
amene munakalambira pathirakitala m'minda ya tiyi,
supuni zinayi m'kapu iliyonse,
chinangwa chootcha m'thumba la ovolosi,
nthochi phava lathunthu musanafike pageti.

Sanakuletseni zonse. Pepala la anesi ndinaliwerenga ndekha.
Anati muchepetse.
Koma inu munakhala pakhonde, kuyang'ana nkhungu
ikumeza mitengo ya bulugama umodziumodzi.

Wosasa uja ndinathirira nkhumba,
koma fungo lake linanditsata mpaka pamphasa.
M'mawa ndinakama Sikono, n'kuwiritsa,
n'kudikira mpaka chala changa chaching'ono chitapirira kutentha.
Supuni ziwiri za yogati ndinapempha kwa a Esinati a kugolosale,
osati wofiirira uja wonunkhira ngati switi,
koma woyera, wopanda kanthu, wowawasa ngati chilungamo.
Poto ndinamufunditsa juzi yanu yakale
n'kumugoneka pakona ngati khanda.

Kutacha anali atagwirana.
Munalawa, n'kukwinya pamphumi: chambiko basi?

Ndiye ndinayamba kukunyengererani.
Nkhaka zoduladula, kamchere, adyo wosinja,
munadya mukung'ung'udza.
Peyala la mtengo wa kuseri kwa khola,
lophwanyaphwanya, madontho a ndimu pamwamba,
munadya osayankhula.
Mpiru nditaphula pamoto ndimadikira uleke kubwata
ndisanathiremo, apo ayi amadukaduka,
zinandichitikira kawiri, ndinalirira kukhitchini.
Tambala wovuta uja, wojompha ana a eni,
anagona usiku wonse m'chambiko ndi kambuzi,
ndipo pamakala anafewa kuposa mmene anakhalira moyo wake wonse.
Tsiku limenelo munanyambita chala
mukuyesa kuti sindikuona.

Wina ndimamanga m'kansalu koyera
n'kupachika pamsomali wa chipewa chanu.
Amadontha usiku wonse, tho, tho, m'mbale yachitsulo,
inu n'kumati denga layambanso.
M'mawa amakhala wolimba, wodulika ndi mpeni.
Timapaka padzira lowiritsa,
kapena kuwaza makademiya osweka
amene mlamu wanu amabwera nawo kumapeto a mwezi.

Sindikunama, masiku ena mumaima nthawi yaitali
pafupi ndi mayi wa mandasi pamsika,
manja kumbuyo, ngati mukuwerenga chikwangwani.
Ine ndimapita kukafunsa mtengo wa kabichi
umene ndikuudziwa kale.

Mapiritsi mukumwabe, ndipo muzimwa ndithu.
Chambiko si mankhwala, anesi anatero, ndi ndiwo chabe.
Koma lamba wanu mwamuboola ndi msomali kawiri tsopano,
ndipo dzana munakwera chitunda cha kwa Goliati
osatsika panjinga,
n'kufika pamwamba mukutukwana mokondwa.

Usiku wapitawu ndinamva chivundikiro chikulira.
Ndinakupezani mumdima, mwagwada pakona,
supuni m'manja, ndevu zili mbuu,
munthu wamkulu, dikoni wa mpingo!
Simunachite manyazi. Munangoti wa lero wakoma.

Idyani, bambo. Sikono akadali ndi mkaka,
ndipo a pasikelo akhoza kudikira.
Kungoti musakombeze poto.
Pansi pake muzisiyapo supuni ziwiri,
ndiyo mbewu yake imeneyo,
ndi zimene zimagwiritsa wa mawa.
Ndawiritsa kale wina, ukuzizira pawindo,
ndipo mawalo, a Fulaisoni,
ndakuwerengerani mbale.