Kuwerenga Anthu Asanafike

Mu Febuluwale, chipale chikadali pamawindo a ku Tartu,
Leelo Pärnpuu amawerenga ana a eni
amene sanawaonepo nkhope.
Ena akadali kusekondale ku Võru, akulimbana ndi masamu,
ena sanalote n'komwe zobwera kuno,
koma iye wawakhazika kale pamipando.

Kompyuta yameza kaundula wa zaka khumi ndi ziwiri
n'kulavula manambala:
zachuma, mazana atatu, apatseni holo yaikulu;
malamulo, Lachiwiri ndi Lachinayi;
phunziro la ndere za pamitengo ndi pamiyala, asanu ndi anayi,
mwina khumi, mwayi ukagwa.

A Endel Raudsepp anabwera okha,
chipewa kumanja, nsapato zikudontha.
"Mwandiponyanso kuchipinda chopanda zenera,
Lachisanu mbandakucha?"
Leelo anawatembenuzira kompyuta.
"Si ine, ndi mzerewu. Taonani mmene ukutsetserekera."
Mkuluyo anauyang'ana
monga munthu ayang'anira chithunzi cha mapapo ake kuchipatala.

Chilimwe chinadza ndi zake.
Nkhalango ina kummwera inapsa masiku asanu ndi limodzi,
utsi unalowa mpaka m'makhitchini,
ndipo achinyamata amene anachezera kunyamula zidebe
anabwerera ndi phulusa m'tsitsi, mafunso m'matumba a majekete.
Kompyuta sinanunkhize kanthu.

Seputembala, Lachisanu loyamba:
anthu makumi asanu ndi awiri
pakhomo la chipinda cha mipando khumi ndi iwiri.
Ena pamasitepe, ena akhalira zikwama,
mtsikana wina watsamira khoma, kope pabondo.
Uko kuholo ya zachuma
mawu a mphunzitsi akudziyankha okha,
mizere yakumbuyo ili pululu.

Leelo anaphwasula ndandanda yonse.
Ukasuntha phunziro limodzi, ena makumi awiri amadzuka:
wa fizikisi amakatenga mwana kusukulu ya mkaka masana,
wa Chilatini amadza pa basi ya ku Tallinn
ndipo Lolemba samuonako.
Pakati pa usiku, khofi atazizira kawiri,
ndere zinapeza holo.

M'mawa mwake patebulo panali kanthambi kouma
kovala ndere zotuwa. Kalata panalibe.
Anakaika pamwamba pa kompyuta,
natsegula tsamba la chaka chamawa.

Pa dzina la a Raudsepp chala chinaima.
Analemba makumi anayi.
Anafufuta.
Panja, ana asukulu anali kuwoloka mlatho,
aliyense kulowera kwake,
osafunsa munthu.