Nsapato Yakumanzere

Mwabwera nalo jekete, a Quilodrán? Likolekeni apo.
Pampando uwo musakhalepo, pali masingano.

Inde, ndi nsapato. Watsopano aliyense amafunsa.
Anzanu a nthambi zina amavala chiombankhanga,
lupanga, sikelo ya chilungamo,
koma inu ofufuza za anthu ophedwa
mumayenda ndi nsapato imodzi pamkono,
yakumanzere, chingwe chili chomasuka.

Woyamba kuisoka anali mayi anga,
pamakina omwewa, pawindo lomweli loyang'ana kudoko.

Chaka chotsatira chivomezi
anapeza munthu pamasitepe a phiri la Cordillera,
nkhungu ya Valparaíso itamunyowetsa tsitsi.
M'thumba munali tikiti ya basi ndi theka la buledi.
Dzina munalibe.
Phazi lamanja linali pamtunda, sokosi yobooka pachala.
Anamuika m'manda a boma ndi nambala,
koma Eleuterio Manquián, wapolisi wachifuwa chosatha,
anatenga nsapato yotsalayo
naitsekera m'dilowa ya tebulo lake.

Lolemba lililonse ankaitulutsa.
Ankaona kumene chidendene chinadyekera,
nkumati: uyu ankatsimphina,
uyu ankanyamula katundu paphewa lakumanzere,
uyu anali ndi wina womupolishira.
Anayenda nayo kwa osoka nsapato onse a m'tauni muno.
Anzake ankamuseka kuti wakwatira nsapato.

Zaka khumi, zisanu ndi zinayi.

Tsiku lina lamvula kunalowa mayi wokalamba,
Herminia Catrileo, wogulitsa nsomba,
atafumbata kanthu m'nyuzipepala.
Inali inzake ija.
Anaipeza pakhomo pake mmawa wa tsiku lomwelo,
itaikidwa bwinobwino ngati mphatso,
ndipo anamva zimene inkanena: tseka pakamwa.
Anatsekadi, mpaka amene anaiika pakhomopo
atafera pabedi lake, adzukulu atamzinga, wansembe alipo.

Pamenepo nambala ija inakhala Floridor.
Mlongo wake wa Herminia. Wonyamula matumba padoko.
Ankatsimphinadi.

Kukhoti sikunapite munthu.

Akuluakulu atafuna chizindikiro cha nthambi yanu
anabweretsa zojambula za zikhadabo ndi mphezi.
Manquián sanalankhule.
Anangoika nsapato patebulo, pakati pa makapu a khofi,
nkutuluka kukatsokomolera panja.

Musandifunse tanthauzo ngati kuti ndine buku.
Ena amati: yendani m'mapazi a wakufayo.
Ena amati: inzake ilipo kwinakwake,
m'nyumba ya munthu amene akuchita mantha.
Mayi anga ankangoti ulusi wofiirira ngwovuta kupeza.

Dzana kunabwera bwana wina wamafuta onunkhira,
akuti ndimange chingwecho, chikuoneka chauve.
Ndinamuuza kuti mfundo ndimaidziwa kumanga,
abweretse kaye dzina la munthu
amene anapezeka kuseri kwa msika mwezi wa Epulo.
Sanabwerenso.

Tambasulani mkono. Ayi, wamanzere.
Ikhala apa, pamene simungaione bwino nokha,
koma mayi wokutsegulirani chitseko usiku
adzayamba kuona iyo asanaone nkhope yanu.

Poyamba ulusi umakanda pang'ono.
Musazolowere.

Mudzalitenge Lachinayi. Ndalama mudzapereka pomwepo.
Ndipo potsika masitepewo musamale,
chingwe cha nsapato yanu chamasuka.