Katungwe wa Pansi pa Nimu

Chingwe choyamba chinali cha khonje,
chotsala pomanga mabelo chaka chija thonje linatsika mtengo.
Chinakhala milungu itatu.
Dzuwa la kuno ku Ngabu lilibe mano, koma limadya:
nditachipotokola m'manja chinayoyoka ngati gaga.
Ndinachiponya pamoto, Tchanaze akugubuduka m'fumbi.

Mwana sadziwa chifukwa chake mkono wanga wamanzerewu
sutambasuka wonse,
chifukwa chake popopa njinga za anthu pamsika
ndimapendekera mbali imodzi.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu,
pa bwemba wa kwa a Nyakamera,
Lapukeni akundikankha, ine ndikukuwa kuti onjeza, onjeza.
Nthambi inalankhula kamodzi kokha.
Mkati mwake munali chiswe chokhachokha.

N'chifukwa chake nthambi ya nimu uyu
ndinayamba ndaigogoda ndi sipanala,
khutu ndili tcheru ngati wogula chivwende.
Ndinaikulunga chubu chakale kuti chingwe chisapekesane ndi khungwa.
Ndinapachikapo thumba la mchenga lolemera kuposa ine,
linagona pompo masiku awiri,
anthu odutsa n'kumati Zuze wayamba kupenga.

Pansi pano mwezi wa Okutobala ndi njerwa yootcha.
Ndinabwereka ngolo kwa a Fombe,
maulendo atatu kumtsinje wouma,
ng'ombe zikuchita thovu kukamwa.
Ndinazula chikhomo cha mbuzi,
ndinatola magalasi a botolo, minga ya masau, msomali wadzimbiri,
ndinasuntha mtondo wa amake, iwo akung'ung'udza.

Tayala ndinaliboola kunsi
kuti mvula ikabwera udzudzu usapeze nyumba.
M'mawa uliwonse ndimalimenya ndi ndodo.
Lachiwiri munatuluka chinkhanira,
mchira uli m'mwamba ngati mwini malo.

Malamulo anga ana a mudzi uno amawaimba mondinyogodola:
Mmodzimmodzi!
Manja onse awiri!
Osaimirira, osalumpha lili m'mwamba!
Chingwe si mkanda, chisayandikire khosi!
Ndipo Minyengu, amene wangophunzira kuyenda,
amene amalondola mlongo wake ngati mwanapiye,
akhale kuseri kwa mzere ndinalemba ndi phulusa uja.
Mzerewo mphepo imafufuta madzulo aliwonse.
Ndimalembanso.

Dzana ndinabwerako msanga, kutentha kutathamangitsa makasitomala.
Ndinaima kuseri kwa khola.
Anali atakwerapo atatu,
Tchanaze ali chiimire pamwamba pa anzake,
diresi lili pepepe, mapazi kuloza ku mapiri a Thyolo,
akuseka kuseka kumene sindinakumvepo m'nyumba mwanga.
Mawu anafika pakhosi.
Ndinaona kuti ndikakuwa adzidzimuka, manja ataya chingwe.
Ndinameza.
Ndinawerenga: kupita, kubwera, kupita, kubwera,
chigongono changa chikuwawa ngati kukubwera mvula,
mpaka tayala linatopa lokha.

Pamenepo ndiye ndinatulukira.
Awiri aja anathawira m'mapira.
Wangayo anatsala, maso pansi, chala chikukumba mchenga.
Ndinamugwiritsa mkono wanga pamene fupa linalumikizana mokhota.
Anapasisita, nafunsa:
Koma musanagwe, ababa, munaona chiyani kumwambako?

Ndinaona Shire, ndinatero.
Ndinaona madambo onse, ndi ngalawa imodzi.
Sindikudziwa ngati ndinayankha bwino.

Usiku kunyumba sikugoneka, tonse tili pamikeka pabwalo.
Iwo atagona ndinadzuka ndi tochi ya foni,
ndinayendetsa chingwe m'zala kuyambira pamfundo mpaka pamfundo.
Ulusi umodzi wayamba kutukumuka pafupi ndi chubu.
Loweruka ndigula china, ndalama ya matayala awiri.
Ndinakhala patayalapo kuti ndimve ngati nthambi idandaula.
Sinadandaule.
Ndinakhalabe pang'ono,
mapazi osachoka pamchenga.