Nyenyezi Ziwiri

Nyuzipepala inatipeza Lachinayi pa Luchenza
itakulunga kanyenya wa Mulipa.
Mafuta anali atadya theka la dzina lathu:
Malata Odo...
kotsalako tinamalizitsa ndi pakamwa.

Nyenyezi ziwiri mwa zisanu.
Mlembi wa ku Blantyre akuti gitala ya Namakhwa
ikulira ngati chigayo chotha lamba,
akuti mawu a Etinala ndi okoma
koma asochera m'chiperoni,
akuti nyimbo yachinayi yatalika popanda chifukwa.

Chifukwa chilipo, achimwene.
Magetsi anazima pakati pake,
laputopu yokha ili maso,
Mulipa osaleka, akuguguda ng'oma mumdima
mpaka jenereta ya kubutchala inatsokomola.
Tinagwirizana kuti tisadule.

Za ine wa besi sanalembe kanthu.
Ndinafufuza mpaka pansi pa tsabola.

Pa wailesi anati tikutengera azungu.
Wina wa ku Lilongwe anati ndife tsogolo la dziko lino,
koma analakwitsa dzina la chimbale;
ndikukayika ngati anafika pa nyimbo yachiwiri.
Usiku umenewo Namakhwa ananena zogulitsa gitala
n'kugula njinga ya kabaza.
Palibe anamuletsa. Palibenso anamufunsa mtengo.

Amayi athyola tiyi zaka makumi awiri ndi zitatu.
Za sikelo amazidziwa:
umasenza dengu kuchokera m'mame
mpaka dzuwa paliwombo,
wa malaya oyera n'kutchula nambala
osayang'ana zala zako.
Ndinawawerengera zonse, mzere ndi mzere.
Anafunsa, "Nanga akatero, amakudulani malipiro?"
Ndinati ayi, malipirowo kulibe.
Anaseka mpaka kugwira nthiti.
Kenako anati, "Ija ya mvula ija, tabwereza."

Loweruka, m'minibasi ya ku Muloza,
phiri litafunda mitambo mpaka m'chiuno,
ndinamva besi yanga ikunjenjemeretsa chitseko.
Nyimbo yachinayi.
Mayi wina wa zinanazi pamiyendo anakuwa,
"Adalaivala, tachotsani phokosolo!"
Dalaivala osacheuka:
"Dikirani kaye, mayi,
pali pena pamatsala ng'oma yokha."

Ndinali kumpando wakumbuyo, bondo pa thumba la makala.
Sindinanene kuti ndine.
Kondakitala anandibera chenje,
ndipo ndinatsika pa Chitakale
magetsi asanayake.