Khomo Lomwe Ndinalidumpha

Kafukufuku wafika m'mudzi mwathu pa galimoto yoyera,
ndi bokosi la ayezi, timabotolo mazana atatu,
ndi ine Badriya, mwana wa konkuno,
wolembedwa ganyu chifukwa ndimadziwa makomo onse
ndi agalu ake omwe.

Funso loyamba: muli ndi zaka zingati?
Lachiwiri: mumathira masipuni angati mu tiyi?
Amake Wagdi aseka, aimika zala zinayi,
kenako apinda chimodzi msangamsanga
ngati kuti magazi anganamizidwe.
Ndawabaya kunsonga kwa chala. Kamakina kalira.
Ndalemba, osakweza maso.
Phazi lawo lamanzere lili m'nsanza
chiyambire nyengo yothyola thonje.

Funso lachisanu ndi chinayi limandiumitsa kukhosi:
kodi munabayidwapo jekeseni wa likodzo muli mwana?

Aimvi onse amayankha ndi mkono.
Amapinda malaya, kuloza pomwe singano inalowa.
Amakumbuka mzere pabwalo la sukulu,
dzuwa lili paliwombo,
ngalande yochokera ku Nailo ikung'anima kuseri kwa mpanda,
yodzala nkhono,
ndi mwamuna wovala zoyera
amene boma linamutuma kudzathetsa mkodzo wa magazi.
Jekeseni mmodzi wagalasi, ana mpaka kuchipata.
Madzi owiritsira ankazizira mzere usanathe.

Mwamunayo ndi bambo anga.

Satchula dzina. Amangoti,
"Anali ndi dzanja lopepuka,"
n'kundithirira tiyi wina,
maso ali chikasu, mimba ili tuu ngati mtsuko,
miyendo yatsala timitengo.
Chiwindi sichikuwa.
Chimadyeka zaka makumi atatu mwakachetechete
monga phaso lomwe chiswe chalowa,
denga likuoneka bwinobwino.

Madzulo ku Tanta, Dokotala Sameha
amasandutsa anthu akwathu timadontho pa mapu.
"Taona, mudzi wanu wafiira."
Amandisimbira za mayiko ena pa nthawi ya Edzi,
kumene akuluakulu ankati kuno kulibe
okumba manda akusinthana makasu,
ndi kwina kumene boma linatsegula pakamwa msanga
mankhwala n'kufika kwa osauka.
"Nambala ikakula, boma limasowa pobisa nkhope.
Tiwerenge, Badriya. Osadumpha khomo."

Masabata atatu ndakhala ndikulambalala lathu.

Lero ndalowa ndi fomu.
Bambo Zaghloul ali pakhonde, akusenda lalanje lachitatu
pomwe anawaloleza limodzi.
Pashelefu pali kabokosi kachitsulo kaja,
amakapukuta Lachisanu lililonse pochokera ku mzikiti,
sindinaonepo akukatsegula.

Zaka zingati? Andiuza.
Masipuni? "Lemba awiri. Amako akumva."
Ndafika pa funso lija, lilime lakana.
Andilanda pepala, aliyandikiza kumaso,
awerenga okha, milomo ikugwedera.

"Lemba kuti inde.
Mwana akalira kwambiri ndinkadzilasa nayo ndekha,
apa, iye akuona,
kuti adziwe kuti si kanthu."

Atambasula mkono. Mtsempha uli poyera.
Ndang'amba kapepala ka singano yatsopano,
iwo maso ali pa zala zanga.
"Imodzi, munthu mmodzi?"
"Mmodzi."
"Ukatha?"
"Timataya."
Kunja bulu wadutsa ndi ngolo ya anyezi,
mnyamata akumukalipira.
Bambo sananenenso kanthu.

Magazi akwera m'kabotolo pang'onopang'ono,
akuda ngati tiyi wogonera.
Ndamata nambala 288, dzina lawo latsala pa fomu.
Ndakaika mu ayezi
pakati pa amake Wagdi ndi wometa tsitsi wa pamsika,
onse awiri anaima pamzere wawo.

Ndikutseka bokosi, andiitana.
"Mawa uyambire kwa Fathalla, kuseri kwa chigayo.
Anali ana asanu ndi mmodzi, onse ndinawabaya.
Ngati akana kutsegula,
unene kuti ndakutuma ndine."