Misewu ya Mkuwa

Ku Rosettenville, m'chipinda cha kuseri kwa galaja,
magetsi athima eyiti koloko, monga dzulo.
Tochi ndailuma ndi mano.

Kabolodi n'kochepa ngati chikhatho cha mwana.
Ndikujambulapo misewu ndi cholembera chakuda,
wina usakhudze unzake.
Pano si pa Noord, pomwe matakisi amadulana mphuno;
apa awiri akagundana ndi utsi basi,
marandi makumi asanu apita.

Kachipu kakudikira pambali,
nyerere yakuda ya miyendo yambirimbiri
yosadziwa kanthu mpaka nditaiuza chochita.

Ndamiza kabolodi m'mankhwala, m'chitini cha majarini.
Mkuwa wosafunika ukusungunuka mwaulesi,
zala zachita chikasu.
Dzonzi, amene timagawana naye lendi, akuti,
"Achimwene, zimenezi tidya liti?"

Teni koloko magetsi abwera.
Mtovu wanunkha, ndapsa chala chamkombaphala.
Mwendo wachisanu ndi chiwiri ndinauiwalira msewu;
ndaulumphitsira kawaya,
chipsera choti aliyense aone.

Batire.
Zii.
Ndatembenuza kababu.

Kaphethira, kofiira. Kaphethiranso.
Dzonzi akuliza mkonono.
Mawa ntchito sikisi koloko ku Booysens,
koma ine ndakhala pompa, ndikuwerenga.