Woima Pakati

Zidabwera m'katoni ya nthochi,
laputopu zisanu ndi ziwiri zotayidwa ndi ofesi ya mgodi,
fumbi la malasha a ku Mowatize lili m'mphuno mpaka kukhosi.
A Gervaziyo akuti ndizikonze
akagulitse kwa aphunzitsi ku Ulongwe.
Zisanu ndi imodzi zavomera.
Yotsalayi imazima dzuwa likafika paliwombo,
osatsanzika,
ngati mlendo wokwiyira ndiwo.

Sikuti ilibe pakamwa.
Pansi pa zonse zowala pagalasi
pali kachipu kochepa ngati nkhupakupa
m'mene adatsekeramo mawu a kufakitale.
Femuweya, ndilo dzina lake.
Amadzuka ena onse ali m'tulo,
kuwerenga ziwalo, kufunsa batire zaka zake,
kugwira purosesa pamphumi.
Amadziwa zonse.
Koma amayankhula cha kwawo,
ndipo kenelo, kapitawo wogawa ntchito m'makinamo,
sadziwa n'komwe kuti pali wofunika kumufunsa.

Nkhaniyi ndikuidziwa.
Amayi adagona m'chipatala ku Tete mlungu wathunthu
akunena kuti m'chifuwa mukuyenda moto,
dokotala akulemba zake m'Chipwitikizi,
mpaka mayi wina wokolopa
adatsamiritsa mopu kukhoma
n'kuima pakati pawo.

Ndiye usiku uno ndikulemba wokolopayo.
Amati dalaivala, ngakhale sagwira chiwongolero.
Mizere mazana awiri basi:
gogoda pakhomo la femuweya, odi,
funsa, landira ndi manja awiri,
ika yankho m'fayilo,
yankho limodzi, fayilo imodzi,
aliyense awerenge, koma wina asalembepo.

Ulendo woyamba ndidagogoda khomo lolakwa.
Kenelo adachita mantha, galasi lidauma gwaa,
zilembo zoyera mbwee ngati mpunga wotayika.
Ndidamwa madzi ofunda a m'chigubu.
Sitima ya malasha idadutsa, malata akunjenjemera.
Ndidawerenga mabogi mpaka kusokonezeka,
n'kuyambiranso.

Tambala asanalire, khomo lidatseguka.
Kutentha: 3682.
Ndidaseka ndekha. Ungakhale phulusa, m'bale wanga!
Kenako ndidakumbukira kuti kwawoko
amawerenga kuyambira pa chisanu chomwe chimaimitsa chilichonse,
ndipo digiri iliyonse amaiduladula pakhumi.
Chotsa, gawa.
Madigiri 95.
Ngakhale Novembala wa kuno, wophika dzira pa mwala,
sadafikepo pamenepo.

Ndidafunsanso: fani ili bwanji?
Ili bwino, adatero.
Ikuzungulira kangati? Ziro.
Nanga bolodi dzina lake ndani?
Adzalembapo wopanga.
Zaka zonsezi, nyanja ziwiri, manja angati,
wopangayo sadalembepo.

Chala chidandiyabwa.
Ndikadatha kuipatsa dzina, kufufuta "ili bwino" uja,
kukometsa mawu asanafike kwa kapitawo.
Koma mayi wa mopu uja sadawonjezere mchere.
Moto adati moto.
Pomwe amayi adadzitsutsa okha, nayenso adadzitsutsa,
dokotala n'kukweza maso.
Ndidasiya bodza ndi zoona zigone moyandikana,
wowerenga adzazione yekha.

M'mawa ndidamasula timasikuluwu khumi ndi tiwiri.
M'mapiko a fani munali mphemvu youma,
itavala malasha ngati wapansi pa mgodi.
Ndidaichotsa ndi msuwachi wakale wa mano.

A Gervaziyo afika ndi njinga yamoto, thukuta kamukamu.
Ewufraziya, yachira? Vuto linali chiyani?
Mphemvu, ndatero.
Masiku atatu chifukwa cha mphemvu?
Ndalama ya mphemvu ndiyo akupereka.

Sindikutsutsa.
Ndatsegula fayilo ija komaliza, dzuwa lili paliwombo.
52.
Kamphepo kofunda kakutuluka m'mbali
kakundipuma padzanja.
Ikupita ku Angoniya, kozizira,
kwa mphunzitsi amene sadzadziwa
kuti m'kati muli wina woima pakati,
mopu wake uli kukhoma.